Kodi Mumadziwa? Mulu wa Dothi Udazunguza Akatswiri a Masamu Zaka 200

Kodi mumadziwa kuti ena mwa masamu otchuka kwambiri masiku ano adayambira pa fosholo ndi wilibala? Mu 1781 Mfalansa wina, Gaspard Monge, adafunsa funso looneka lachibwana: muli ndi mulu wa dothi apa ndi dzenje uko, nanga fosholo iliyonse ipite mbali iti ya dzenjelo kuti ntchito yonse itchipe? Umboni woti funsoli lili ndi yankho lenileni udadikira zaka 218.

Monge sadali munthu wongolota. Ankagwira ntchito pa sukulu ya asilikali ku Mézières, komwe kukumba ngalande ndi kuunjika malinga a dothi idali nkhani ya tsiku ndi tsiku, ndipo dothi lililonse loyenda mtunda wosafunikira lidali thukuta ndi ndalama zotayika. Njira yake ina yojambulira malinga idali yachangu kwambiri moti akuluakulu a asilikali adaisunga ngati chinsinsi cha nkhondo mpaka cha m'ma 1795.

Chimodzi adachiona msanga. Ngati njira za mawilibala awiri zadutsana, ndiye kuti pali chalakwika, pakuti mukangosinthanitsa kumene akupitako mtunda wonse umafupika. Jambulani mizere iwiri yopingasana papepala, kenaka muimasule n'kuyeza: yomasukayo ipambana maulendo 100 pa maulendo 100.

Mwina mukuti, bwanji osangoyesa njira zonse n'kusankha yotchipa? Malole 5 opita ku madepoti 5 angagawidwe m'njira 120, ndipo 10 angagawidwe m'njira 3,628,800. Akafika 20, kuyesa njira imodzi pa sekondi iliyonse kungakutengereni zaka 77 biliyoni, kuposa kasanu msinkhu wa chilengedwe chonse.

Nanga anthu 70 ogawidwa ntchito 70? Chiwerengero cha njira zake ndi nambala ya madijiti 101. Maatomu onse a m'chilengedwe, ndi nyenyezi zomwe, akuyerekezedwa kuti amakwana m'nambala ya madijiti 81 okha.

Ndiye funsolo lidagona. M'ma 1880 bungwe la sayansi la ku Paris lidaika mphoto, Paul Appell adaitenga, koma phata la nkhaniyo lidatsala pomwepo. Amene adadzaligwedeza zenizeni adabadwira kutali, ku St Petersburg, mu 1912.

Dzina lake ndi Leonid Kantorovich, ndipo mbiri ya sukulu yake njochititsa nsanje. Adalowa yunivesite ya Leningrad ali ndi zaka 14 n'kumaliza ali ndi 18. Upulofesa adaupeza ali ndi zaka 22.

Mu 1938 akuluakulu a mafakitale a plywood adamupeza ndi vuto lawo: makina 8, mitundu 5 ya matabwa, makina aliwonse ali ndi liwiro lakelake pa mtundu uliwonse, agawe bwanji ntchito? Kantorovich adaona kuti vuto lomweli lili ku njanji, ku minda ndi kwa odula zitsulo. Kabuku komwe adatulutsa mu 1939 ndiko kadabala nthambi yonse ya masamu yotchedwa linear programming, koma maiko a azungu akumadzulo adakadziwa bwino patapita zaka pafupifupi 20.

Nzeru yake pa nkhani ya kusamutsa katundu idali yophweka mpaka kuseketsa. Monge ankafuna kuti dothi la pamalo amodzi lipite kumalo amodzi, pomwe Kantorovich mu 1942 adati ayi, ligaweni, lina lipite uku lina uko. Adachita zimenezi asakudziwa n'komwe kuti akuyankha Monge, ndipo ubale wa mafunso awiriwa adaulemba mu 1948.

Apa pali chodabwitsa china. Masamu ake adaonetsa kuti ndondomeko yabwino iliyonse yosamutsira katundu imabisa mitengo m'kati mwake: katundu ali ndi mtengo wake pochokera ndi wina pofikira, ndipo kusiyana kwake n'kofanana ndendende ndi ndalama ya thiransipoti. Mu Soviet Union kukamba za mitengo chotere kudali kuputa mavu, ndipo buku lake la zachuma lomwe adalemba mu 1942 lidasindikizidwa mu 1959.

Nkhondo nayo idamupatsa masamu a moyo ndi imfa. Mzinda wa Leningrad utazingidwa ndi asilikali a Germany, chakudya chinkalowa pa malole odutsa pamwamba pa madzi oundana a nyanja ya Ladoga, ndipo mbiri yake imati iye ndiye ankawerengera kutalikirana kwa malolewo kuti asaboole n'kumira. Mzindawo udazingidwa masiku 872.

Mphoto ya Nobel ya zachuma idamupeza mu 1975, pamodzi ndi Tjalling Koopmans, yemwe nthawi ya nkhondo ankalimbana ndi funso lofanana ku Washington: sitima zapamadzi ziyende bwanji kuti zisamabwerere zopanda kanthu. Kodi mukudziwa kuti ndi anthu angati a dziko la Soviet Union amene adalandirapo mphoto ya zachumayi m'mbiri yake yonse? Mmodzi yekha.

Ndipo adalipo wina amene adamutsogolera mwakachetechete. Mu 1930 katswiri wa za njanji, A. N. Tolstoi (osati mlembi wa mabuku uja), adakonza ndondomeko yotumizira katundu kuchokera m'malo 10 kupita m'malo 68, pamanja, popanda kompyuta. Akatswiri atadzaiyesa ndi makompyuta patapita zaka zambirimbiri, adapeza kuti panalibe yoposa imeneyo.

Ku America nako kudali zake. Mu 1939 wophunzira wina ku Berkeley, George Dantzig, adafika mochedwa m'kalasi, adaona mafunso awiri pa bolodi, n'kuwakopera poganiza kuti ndi homuweki. Adawayankha m'masiku ochepa, akudandaula kuti ngovutirapo, osadziwa kuti adali mafunso 2 omwe akatswiri onse a statistics adali atawalephera.

Dantzig yemweyo mu 1947 adatulukira njira yotchedwa simplex, yomwe imapeza yankho lotchipitsitsa popanda kuyesa njira zonse. Njirayi idayesedwa pa funso la George Stigler, loti munthu angadye chiyani chaka chonse motchipa koma thupi n'kupeza zonse zofunika, posankha pa zakudya 77. Makalaliki 9 okhala ndi makina owerengera a pamanja adathera pamenepo ntchito ya masiku 120 mukaphatikiza onse.

Yankho? Stigler, mongoyerekeza ndi nzeru zake, adapeza madola 39.93 pa chaka, pa mitengo ya mu 1939, ndipo simplex idapeza 39.69. Thukuta lonse lija lidapulumutsa masenti 24!

Musaseke kwambiri, pakuti choseketsa chenicheni chikubwera. Dantzig atafuna kuonda adapempha kompyuta kuti imusankhire zakudya, koma adaiwala kuiuza malire a zinthu zina. Malinga ndi momwe iye mwini ankafotokozera, kompyutayo idamulembera kuti azimwa viniga magaloni 500.

Lero masamu omwewa akudyetsa anthu. Bungwe la World Food Programme, lomwe timalidziwa bwino kuno nthawi ya njala ndi ya kusefukira kwa madzi, limawagwiritsa ntchito posankha zakudya zogula, kokazigula ndi njira yozitumizira. Ntchito imeneyi idalipatsa mphoto ya Franz Edelman mu 2021, patangopita chaka chilandirireni Nobel ya mtendere mu 2020.

Tibwerere ku dothi, koma poyamba yesani kamasewera aka. Ndandikani mabuku 10 pa shelefu, ndipo mukufuna mzere wonsewo usunthe malo amodzi kupita kumanja. Mutha kukankha buku lililonse malo amodzi, kapena kunyamula loyamba lokha n'kulidumphitsa malo 10, ndipo pa kawerengedwe ka Monge njira zonse ziwiri mtengo wake ndi 10.

Mwaona vuto lake? Funso lokhala ndi mayankho ambiri ofanana limaterera m'manja mwa katswiri. Koma mukati mtengo ukhale mtunda kuuchulukitsa ndi mtunda womwewo, kukankha mabuku onse kumakhalabe 10, pomwe kudumphitsa limodzi kumalumpha kufika pa 100.

Kasinthidwe kakang'ono kameneka ndiko kadatsegula chitseko. Yann Brenier, yemwe ankafufuza za kayendedwe ka madzi osati ka dothi, adaonetsa mu 1987 kuti pa kawerengedwe katsopanoka yankho limakhala limodzi lokha, ndipo dothi la pamalo amodzi siligawanika, monga Monge ankafunira. Masamu omwe adagona zaka 200 adadzuka m'zaka 10.

Nanga funso la Monge lenilenilo, la mtunda wamba? Vladimir Sudakov adapereka umboni m'ma 1970, koma pambuyo pake mudapezeka mpata. Umboni wina wolimba udabwera kuchokera kwa Lawrence Evans ndi Wilfrid Gangbo, mwana wa ku Africa kuno wobadwira ku Benin, mu 1999.

Tsopano tikwere phiri. Tayerekezani kuti muli pa Sapitwa, chiperoni chakuta ponseponse, simukuona ngakhale dzanja lanu, koma mukufuna kutsika: mumapapasa ndi phazi, n'kuponda kumene kwatsetsereka kwambiri, n'kubwerezanso. Njira imeneyi akatswiri amaitcha gradient descent, ndipo Augustin-Louis Cauchy adailemba mu 1847.

Cauchy ankafuna njira yowerengera mayendedwe a zinthu za kuthambo, ndipo adaifotokoza m'masamba atatu okha. Kwa iye kadali kanthu kongodutsa. Munthuyu m'moyo wake adalemba mapepala a kafukufuku pafupifupi 800.

Koma kodi mumadziwa kuti mapulogalamu a AI omwe amayankha mafunso pa foni yanu amaphunzira ndi njira yomweyo? Phiri lawo ndi kuchuluka kwa zolakwa, ndipo sitepe iliyonse ndi kusintha manambala pang'ono kuti zolakwazo zichepe. Kusiyana kwake n'koti inu muli ndi kumpoto, kumwera, kum'mawa ndi kumadzulo, pomwe pulogalamu ya GPT-3 ya mu 2020 idali ndi manambala osintha 175 biliyoni.

Pali ena adaiwonjezera liwiro. Boris Polyak mu 1964 adati woyendayo asamaime pa sitepe iliyonse koma azitengako mphamvu ya sitepe yapitayo, ndipo Yurii Nesterov mu 1983 adainola mfundoyo mpaka pamapeto pake. Pa zigwa zosalala zopanda timaenje tonyenga, pomwe njira ya Cauchy ingafune masitepe 1,000,000, ya Nesterov ingafune 1,000 okha.

Mukafupikitsa masitepewo mpaka asaonekenso, kutsika kuja kumasanduka kuyenderera kosadukiza, ndipo ndiko kumatchedwa gradient flow. Chilengedwe chimaikonda kwambiri njira imeneyi. Ndipo apa ndi pomwe nkhani ziwirizi, ya dothi ndi ya kutsika, zikukumana modzidzimutsa mu 1998.

Donthezani inki m'madzi osagwedezeka, imafalikira yokha. Tenthetsani nsonga ya chitsulo, kutentha kumayenda kupita kwina. Richard Jordan, David Kinderlehrer ndi Felix Otto adaonetsa kuti kufalikira kotereku nakonso ndi kutsika phiri: pa kamphindi kalikonse inkiyo imasankha kumwazika kwambiri momwe ingathere, koma polipira mtengo wochepetsetsa wosamutsira. Mtengo wake ndi uja wa mabuku pa shelefu, mtunda kuchulukitsa ndi mtunda, mdzukulu wa funso la 1781.

Ine pamenepa ndi pomwe pamandikomera. Masamu a kufalikira kwa kutentha adawalemba ndi Joseph Fourier, ndipo iye ndi Monge ankadziwana bwino: onse adapita ku Egypt ndi Napoleon mu 1798, Monge n'kukhala pulezidenti wa bungwe la sayansi lomwe lidakhazikitsidwa ku Cairo, Fourier n'kukhala mlembi wake. Fourier atapereka kafukufuku wake wa kutentha mu 1807, Monge adali mmodzi mwa akuluakulu 4 omwe adauwunika.

Taganizani: munthu akuwerenga pepala la mnzake, osadziwa kuti m'kati mwake mwabisala funso lake lomwe. Palibe mwa awiriwa adaona ubalewo, ndipo udadikira zaka 191. Mukadzapita ku Paris mudzayang'ane pa Eiffel Tower, pakuti Monge, Fourier ndi Cauchy onse ali m'gulu la maina 72 olembedwa pamenepo.

Kutsika phiri kudathandizanso pa funso lina lalikulu. Grigori Perelman adaonetsa mu 2002 kuti Ricci flow, njira yosalazira maonekedwe opindikapindika, nayo ili ndi phiri lake lomwe imatsata, ndipo zidamuthandiza kumasula funso la Poincaré la mu 1904. Atamupatsa mphoto, adaikana yonse: madola 1,000,000.

Ena sadakane. Cédric Villani, wodziwika ndi kangaude wokongoletsera yemwe amamubaya pa jekete, adalandira mendulo ya Fields mu 2010, ndipo mu 2017 adasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ku France. Buku lake lalikulu la masamu osamutsa katunduwa lili ndi masamba pafupifupi 1,000.

Wophunzira wake, Alessio Figalli wa ku Rome, ku sekondale ankalimbana ndi Chigiriki ndi Chilatini. Mu 2018 ku Rio de Janeiro adalandira mendulo ya Fields, ndipo nthambi yomweyi idatchulidwa mwachindunji pa zifukwa zomupatsira. Adali ndi zaka 34.

Mitambo nayo ili m'nkhaniyi! Akatswiri a zanyengo, monga Mike Cullen wa ku Met Office ya ku Britain, adapeza kuti masamu ofotokoza malo omwe mpweya wofunda umakumana ndi wozizira ali ndi funso la Monge m'kati mwake, ngati kuti mphepo imasamutsa mpweya motchipa. Luis Caffarelli wa ku Argentina, yemwe adafufuza nthawi yomwe mayankho oterewa amakhala osalala osang'ambika, adalandira mphoto ya Abel mu 2023.

Kwezani maso kupitirira mitambo. Chilengedwe chitangoyamba, zinthu zidali zomwazika pafupifupi mofanana ponseponse, koma lero zidaunjikana m'milalang'amba. Mu 2002 gulu la Uriel Frisch ku Nice lidatenga zakalezo ngati mulu, zaleroli ngati dzenje, n'kuonetsa momwe tingawerengere kumene mlalang'amba uliwonse udachokera, ulendo wobwerera m'mbuyo zaka zoposa 13 biliyoni.

Tsitsaninso maso kufika pa selo. Kuti muwerenge zomwe zili m'selo imodzi muyenera kuipha, ndiye simungaitsate mawa kuti muone yasanduka chiyani. Ofufuza a ku Broad Institute ku America mu 2019 adalumikiza maselo a tsiku lina ndi a tsiku lotsatira posankha kusamuka kotchipitsitsa, ndipo adatero pa maselo oposa 300,000 m'masiku 18.

Zonsezi zikadakhala maloto chabe makompyuta akadapitiriza kuchedwa. Mu 2013 Marco Cuturi, ali ku Kyoto, adaonetsa kuti mukalola kachisokonezo pang'ono m'ndondomeko yosamutsira, yankho limapezeka mwachangu pongobwereza kuchulukitsa ndi kugawa mizere ya manambala. Chida chomwe adagwiritsa ntchito chidali chikudikira m'mabuku a Richard Sinkhorn kuchokera m'ma 1960.

Kuchedwa kuzindikirika kotereku kumachitikachitika m'masamu amenewa. Harold Kuhn adatulutsa njira yachangu yogawira anthu ntchito mu 1955, n'kuipatsa dzina lolemekeza akatswiri awiri a ku Hungary omwe adamutsegula maso. Kenaka kudadzapezeka kuti Carl Jacobi adali ataipeza kalekale, n'kuilemba m'Chilatini, iye asadamwalire mu 1851.

Opanga zithunzi za pakompyuta nawo adalowa m'bwalo. Mukafuna kudziwa kuti zithunzi ziwiri zikufanana motani, tengani mitundu ya chimodzi ngati mulu, ya chinacho ngati dzenje, n'kufunsa mtengo wosamutsira. Muyeso umenewu udalowa m'mapulogalamu ofufuzira zithunzi cha m'ma 1998, ndipo udayamba kuphunzitsa makompyuta kujambula zithunzi zawozawo mu 2017.

Inu a Fomu 4, mukuwakumbukira mafunso a MSCE aja a linear programming, ojambula mizere pa girafu, kudetsa mbali yosafunika, n'kuyesa ngodya iliyonse kuti muone pomwe phindu lachuluka? Njira ya simplex imachita zomwezo, kungoti imayenda kuchoka pa ngodya ina kupita pa ina m'mafunso a zosadziwika mamiliyoni, pomwe inu muli ndi x ndi y basi. Funso limenelo likadzabwera pa mayeso musadzalidumphe, ndi lomwe lidapatsa Kantorovich mphoto ya Nobel mu 1975.